Mabuku a nkhani za achinyamata: apite pa shelefu kapena atsekeredwe mu kabati?

Mayi Nachisale, Khombedza
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumasamala malaibulale a m'masekondale. Sukulu zambiri kuno zimalandira makatoni a mabuku a mphatso ochokera kunja, ndipo ochuluka mwa iwo ndi nkhani zopeka za moyo wa achinyamata: zibwenzi, kusamvana ndi makolo, mowa, mimba, kutonzana kusukulu. Tinene katoni ya mabuku 60. Ena amati atsekeredwe mu kabati ya ahedi, ena amati onse apite pa shelefu. Tingadziwe bwanji kuti ili ndi la mwana wa Fomu 1, ili la Fomu 4, ili ayi ndithu? Ndikufuna njira yogwirika, yoti aphunzitsi ochepa angaitsate teremu isanathe.

A Mwale, Chipoka
Zikomo mayi. Musanafike pa za zibwenzi yambani ndi chiyankhulo, chifukwa mabuku ambiri amagwera pamenepo. Tsegulani buku pakati, osati tsamba loyamba, muwerenge mawu 100 n'kuika kadontho ka pensulo pamene athera. Itanani ana atatu a kalasi imene mukuiganizira: wokhoza bwino, wapakati ndi wovutikira. Aliyense awerenge chamumtima, ndipo akapeza liwu losalidziwa apinde chala. Mayina a anthu ndi a malo asawerengedwe. Wapakati uja akapinda zala ziwiri kapena kuchepera apo, bukulo angapite nalo kunyumba. Zala zitatu mpaka zisanu, likufuna dikishonale kapena mphunzitsi pafupi. Zikapitirira zisanu, likwezeni kalasi.

Mabuku a ku America amanyenga. Ziganizo zake n'zazifupi, koma adzaza chiyankhulo cha pamsewu cha kwawo ndi miyambo ya sukulu zawo, monga prom (dansi ya ana otsiriza sekondale), imene mwana wa ku Ngodzi sanaionepo. Ndiye mukatha kuwerenga zala, m'funseninso mwanayo akuuzeni m'Chichewa zimene zachitika pa tsambalo. Akalephera, zala zija zanama.

Nthawi yobwereka muiwerengerenso. Buku la masamba 200, mawu pafupifupi 250 pa tsamba, ndi mawu 50,000. Mwana wowerenga mawu 100 pa mphindi afunika mphindi 500. Ngati amapeza theka la ola pa tsiku, ndi masiku 17. Mukamubwereka masabata awiri alibweza asanafike kumapeto, ndipo m'nkhani zotere zotsatira za zimene mwininkhani anachita zimakhala kumapetoko. Perekani masabata atatu.

Che Saidi, Linga
A Mwale mwafotokoza bwino, koma kholo silidandaula za zala. Limadandaula kuti mwana wake wamkazi wa zaka 14 wabwera ndi buku lofotokoza za kuchipinda. Zinthu zimenezi kwathu zili ndi eni ake: anankungwi, azakhali, agogo. Zili ndi nthawi yake ndi malo ake. Buku silidziwa kuti amene walitsegula watha msinkhu kapena ayi. Ife a komiti ya makolo ndi amene timafunsidwa kumudzi, kumzikiti ndi kutchalitchi.

Mayi Kamanga, Dwangwa
Che Saidi, nkhawa yanu ndi yoona ndipo isapeputsidwe. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali buku lokamba za chibwenzi, ndipo pali buku lolembedwa kuti lidzutse chilakolako. Lachiwirili si la sukulu, palibe wotsutsa. Loyambali tikalichotsa chifukwa cha mutu wake wokha, tichotsanso buku lililonse lonena zoona za mtsikana wa Fomu 2 amene wakabaza amamunyamula ulere m'mawa uliwonse mpaka tsiku lodzamuuza kuti abweze. Nkhani imeneyo ana akuidziwa kale. Chimene alibe ndi malo oionera patali n'kuiganizira isanawagwere.

Poweruza, funso lisakhale lakuti “muli zachibwenzi kodi?” Mafunso ake ndi awa. Wolemba akafika pa chitseko cha chipinda, amatseka kapena amalowa nafe n'kufotokoza thupi ndi zochitika? Munthu wamkulu akamanyengerera mwana wa sukulu, nkhaniyo ikumuonetsa ngati wodyera mwana masuku pamutu, kapena ngati mwayi umene mtsikanayo wapeza? Mtsikana akakana, kukana kwake kumalemekezedwa, kapena mnyamata amakakamira mpaka nkhani n'kutcha zimenezo chikondi? Funso lachitatuli anthu amaliiwala, chonsecho mabuku ambiri opanda liwu lotukwana ndi limodzi lomwe amagwa pamenepa.

Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati pansi pa zaka zimenezo ndi woletsedwa. Buku lothera pa ukwati wa mtsikana wa zaka 16 ngati chimwemwe likufuna mphunzitsi woti akambirane nalo ana, lisangoperekedwa.

A Banda, Lifuwu
Ndionjezere pa za zaka. Kumene amasindikiza mabukuwa, Young Adult amatanthauza owerenga a zaka 12 mpaka 18, ndipo ena amalemba kuchikuto chakumbuyo kuti 12 kupita m'tsogolo kapena 14 kupita m'tsogolo. Kwa iwo kalasi ndi msinkhu zimayendera limodzi. Kwathu Fomu 1 ya ku CDSS imakhala ndi mwana wa zaka 13 pa desiki limodzi ndi wa zaka 18, mwina wobwerera kusukulu atabereka. Wamkuluyo nkhani ya ana imamunyansa, koma Chingerezi chake n'cha buku la ana. Uyu ndiye wovuta kumupezera buku. Mabuku a JAWS (Junior African Writers Series) a kampani yosindikiza ya Heinemann amathandiza pamenepa chifukwa anawagawa m'magawo 1 mpaka 5 potengera kuvuta kwake, ndipo nkhani zake n'za kuno ku Africa. Mukawapeza m'katoni musawaphatikize ndi enawo.

Mayi Nachisale, Khombedza
Ndamva. Koma ntchito yake nanga? Ngati buku lililonse liwerengedwa ndi anthu awiri, mabuku 60 ndi kuwerenga ka 120. Anthu asanu ndi mmodzi, aliyense buku limodzi pa sabata, ndi masabata 20. Teremu yatha, ina yayamba.

A Mwale, Chipoka
Si onse ofunika kuwerengedwa kawiri. Tsiku loyamba khalani pansi ndi katoni yonse, muigawe milu itatu, mphindi zisanu pa buku. Onani chikuto chakumbuyo, tsamba la wosindikiza pamene pali chaka, ndi masamba atatu apakati. Mulu woyamba ndi wa mabuku a akuluakulu amene alowa m'katoni molakwika. Mukaona mayina a osindikiza monga Mills & Boon, Harlequin, kapena mawu akuti New Adult, aikeni pambali, si a sekondale. Musakhulupirire chithunzi: masiku ano mabuku ambiri achikondi a akuluakulu ali ndi zikuto za makatuni zowala ngati za ana. Mulu wachiwiri ndi wa nkhani za ulendo, mpira, kufufuza mbava, ubwenzi wa kusukulu. Amenewa munthu mmodzi awerenge mothamanga, apite pa shelefu sabata yomweyo kuti ana asadikire. Mulu wachitatu ndi umene uli ndi mimba, kugwiriridwa, mankhwala ozunguza bongo, kudzipha, chipembedzo. Amenewa okha ndiwo awerengedwe ndi anthu awiri, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, mmodzi wamkazi wina wamwamuna. Akakhala 15, ndi kuwerenga ka 30, anthu asanu ndi mmodzi amaliza m'masabata asanu.

Wowerenga aliyense alembe khadi: dzina la buku, zaka za mwininkhani, nkhani zovuta zimene zilimo ndi nambala za masamba ake, mmene nkhaniyo yathera, ndi kalasi imene akuiganizira. Awiriwo asaonetsane makhadi asanamalize, chifukwa wachiwiri amangotsatira woyamba, makamaka woyambayo akakhala wamkulu pa ntchito. Akasiyana maganizo, wachitatu awerenge masamba otchulidwawo pamodzi ndi mutu wonse umene akupezekamo. Ndime yozulidwa payokha imaoneka yoipa kuposa mmene ilili.

Sisitala Nangondo, Senga Bay
Ndilowepo ndi za chipatala. Pa khadi lija muonjezere mzere wakuti “zaumoyo zili m'bukuli n'zoona?” Mwana amakhulupirira nkhani kuposa positala ya pakhoma.

Onani chaka pa mabuku onse okamba za HIV. Kuno ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Nkhani zambiri zolembedwa chaka chimenecho chisanafike zimathera pa maliro: wapezeka ndi kachilombo, wawonda, wamwalira. Lero m'kalasi muli ana amene anabadwa nako, amamwa mankhwala tsiku lililonse, ali ndi thanzi, ndipo anzawo sadziwa. Mwana wotere akawerenga yekha usiku kuti mapeto ake ndi amenewo, mwamupweteka, ndipo anzake mwawaphunzitsa kusala. Sindikunena kuti mabukuwo atayidwe. Matani kapepala mkati mwa chikuto: “Nkhaniyi inalembedwa mankhwala asanabwere. Lero munthu womwa ma ARV mokhulupirika amakhala ndi moyo wautali, amaphunzira, amabereka ana opanda kachilombo.”

Chimodzimodzi nkhani ikasiya bodza losakonzedwa, monga lakuti tsiku loyamba munthu satenga mimba kapena kuti kusamba msanga kumateteza. Mpangankhani anganene bodzalo, anyamata amanenadi zotere, koma nkhaniyo ionetse kuti linali bodza. Ndipo pa buku lililonse lokhudza kugwiriridwa, kapepala kanene kuti PEP, mankhwala oteteza kuti munthu asatenge HIV, amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, kuti kupolisi kuli Victim Support Unit, ndi kuti 116 ndi nambala yaulere yothandiza ana.

Pa za kudzipha ndiye ndilimbe mawu. Nkhani ingathe kukamba za mnyamata wotaya mtima, ndipo ndi bwino kuti itero chifukwa anyamata athu sauza munthu. Koma buku lotchula njira, dzina la mankhwala kapena muyeso wake lisafike pa shelefu ya kalasi iliyonse. Lisafikenso limene likuonetsa imfayo ngati njira yolangira amene anamulakwira, onse n'kumalira ndi kulapa. Mwana amene ali m'mphepete amawerenga zimenezo ngati lonjezo.

Che Saidi, Linga
Za kapepalazo ndagwirizana nazo, Sisitala. Ndili ndi zina ziwiri zoti zilowe pa khadi. Kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima kalasi imodzi imakhala ndi Asilamu, Akhristu ndi ana a kudambwe. Buku limene munthu wachipembedzo china ndiye mbava kapena chitsiru nthawi zonse limabweretsa mayina onyozana pa bwalo la sukulu sabata isanathe. China, buku loulula za kusimba, za jando kapena za gule. Wolemba angatchule kuti mwana wapita kuchinamwali ndi mmene wabwerera, koma akayamba kutambasula zamkati, nkhani ifika kwa mfumu ndipo laibulale yonse idzadedwa chifukwa cha buku limodzi.

A Banda, Lifuwu
Loyambalo ndavomera. Lachiwirilo tisamale nalo, Che Saidi. Pali kuulula chinsinsi pofuna kunyoza, ndipo pali kufunsa ngati malangizo ena amene mtsikana wa zaka 12 amapatsidwa akumuthandiza kapena akumukankhira kwa amuna. Funso limenelo mafumu enieniwo akulifunsa masiku ano. Za kukula ndi miyambo zinalembedwapo kale m'Chichewa, a John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo m'zaka za m'ma 1960, ndiye si nkhani yoti buku silingaikhudze.

Tikumbukirenso kumene tachokera. Lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu yoletsa mabuku, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Sukulu si boma, ndipo kusankhira mwana buku si kumanga mlembi, ndikudziwa. Koma chizolowezi choti munthu mmodzi atsegule tsamba limodzi, akwiye, buku n'kusowa popanda cholembedwa chilichonse, chimenecho tisachilole. Buku likachotsedwa, chifukwa chake chilembedwe m'kaundula, ndi mayina a amene anawerenga.

Mayi Kamanga, Dwangwa
Ndipo pakhale njira ya dandaulo yodziwika makolo asanadandaule. Kholo lilembe kapena liuze mphunzitsi wa laibulale kuti alembe: buku liti, tsamba liti, chavuta n'chiyani. Bukulo lichoke pa shelefu masabata awiri okha. Anthu asanu aliwerenge kapena afotokozeredwe lonse m'Chichewa: ahedi kapena achiwiri awo, mphunzitsi wa chiyankhulo, wa Life Skills, mmodzi wa PTA ndi mayi mmodzi wa mother group. Yankho lipite kwa kholo lija pamaso, osati kudzera mwa mwana. Kholo lili ndi ufulu wonena kuti mwana wanga asabwereke buku ili, ndipo zimenezo zilembedwe pa tsamba la mwanayo m'kaundula. Koma kholo limodzi lisasankhire ana 300.

Chimene musachite ndi kung'amba masamba kapena kudetsa mizere ndi maka. Mwana akaona tsamba 86 kenako 89, amadzaza yekha mpatawo ndi zoposa zimene zinalipo, ndipo mawa lake kalasi yonse ikulifuna bukulo.

A Mwale, Chipoka
N'chifukwa chakenso musamate tepi yofiira pamsana pa mabuku a ana okulirapo a Fomu 3 ndi 4. Yofiira imaitana. Lembani zilembo zazing'ono, A pa a aliyense, B pa a Fomu 3 ndi 4, C pa owerengedwa m'kalabu pali mphunzitsi. A C asakhale mu ofesi ya ahedi, kumene mwana saponda pokhapokha atalakwa. Akhale m'laibulale momwemo, kumbuyo kwa tebulo la wobwereketsa.

Che Saidi, Linga
Nanga wa Fomu 4 akabwereka la B n'kukapatsa mng'ono wake wa Fomu 1 kunyumba?

A Mwale, Chipoka
Zichitika ndithu, palibe loko wa zimenezo. Ndiye muyeso wa B ukhale wakuti: wa Fomu 1 atalipeza, lingamulemere kapena kumutopetsa, koma silingamuvulaze. Limene lingamuvulaze ndi la C, ndipo la C silituluka pa chitseko.

Sisitala Nangondo, Senga Bay
Tisaiwale foni. Pamene tikukangana za mabuku 15, ana akutumizirana nkhani za ma PDF pa WhatsApp, akutsata nkhani zamagawo pa masamba a Facebook, ena ali pa Wattpad, kumene aliyense amalemba chimene wafuna popanda mkonzi. Zambiri mwa zimenezo n'zolaula kuposa chilichonse cha m'katoni, ndipo zina zili m'Chichewa chosafuna dikishonale. Kabati ya ahedi ikatsekedwa, kuwerenga sikuima, kumangosamukira kumene kulibe wamkulu.

A Banda, Lifuwu
Apa mwakhudza bala lenileni. Ana amathamangira nkhani za pa foni chifukwa zimayankhula ngati iwo. Mabuku a Chichewa okamba za wachinyamata wa lero ndi ochepa, ndipo ambiri mwa amene alipo ndi ulaliki wovala chikuto cha nthano. Mumadziwa mathero muli pa tsamba lachitatu: mtsikana wokonda zovala atenga mimba, asiya sukulu, alira. Bambo womupatsa mimbayo sitimumvanso. Mwana wanzeru amaona kuti chilango chagwera mbali imodzi, ndipo amasiya kukhulupirira bukulo. Komanso n'zosemphana ndi zimene sukulu imachita, chifukwa ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993. Nkhani yoona ingayambire pamene enawo amathera: tsiku limene wabwerera m'kalasi, mkaka ukudontha pa yunifomu, anzake akunong'onezana, mwana wasiyidwa ndi agogo.

Buku loyenera ana athu lisakhale loyera lokha, likhalenso loona. Mnyamata wa kudoko amene amapita ndi alovi usiku kukakoka chilimila, m'mawa ali ndi ndalama m'thumba kuposa imene mphunzitsi wake wagwira sabata imeneyo, simungamuuze kuti usodzi ndi umphawi basi. Nkhani ivomereze kukoma kwa ndalamayo, kenako ionetse mwezi wa mwera pamene bwato silipita panyanja. Mtsikana amene mayi ake amagula usipa pa ngongole kwa mwini bwato amadziwa mtengo wina umene umalipidwa kumeneko. Wa ku Dwangwa amadziwa mmene tauni imasinthira nyengo yodula nzimbe. Wina mkulu wake ali ku Joni, amatumiza foni koma sabwera. Nkhani zimenezi sizidzabwera m'katoni ya kunja.

Mayi Nachisale, Khombedza
Ndiye kalabu ija ya mabuku a C iyende bwanji kuti isasanduke phunziro lina la Life Skills? Ana akamva fungo la ulaliki amatseka pakamwa.

Mayi Kamanga, Dwangwa
Ana asapitirire 15, mphindi 40, kamodzi pa sabata, masana kuti akutali afike kwawo kusanade. Buku likakhala limodzi lokha, awerenge mokweza mosinthana, masamba asanu ndi atatu kapena khumi, mphindi 20. Zotsalazo n'zokambirana, ndipo zikhale m'Chichewa ngakhale bukulo ndi la Chingerezi, apo ayi ayankhula atatu okha omwe aja. Funso likhale pa mpangankhani, osati pa mwana. Musafunse kuti “wina zinamuchitikirapo?” Funsani kuti “pamenepa akanauza ndani?”, “n'chifukwa chiyani sanauze mayi ake?”, “mnzake uja anamuthandiza kapena anamuponya?” Mwana amanena zake zonse atabisala kumbuyo kwa mpangankhani, ndipo chobisalira chimenecho musamulande. Musafunsenso kuti “tikuphunzirapo chiyani?” chifukwa yankho lake analiloweza ku pulayimale.

Mitu yokhudza msambo kapena kugwiriridwa, sabata imeneyo agaweni, atsikana ndi mphunzitsi wamkazi, anyamata ndi wamwamuna, adzakumane sabata yotsatira. Anyamata asachotsedwe pa nkhanizi, akufunika kuzimva kuposa wina aliyense.

Konzekeraninso kuti tsiku lina mwana adzatsalira anzake atatuluka. Musamulonjeze kuti simuuza munthu, chifukwa ngati akuchitidwa nkhanza muyenera kuuza oyenera. Muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize, ndipo mumutchulire kuti ndi ndani. Mphunzitsi wamwamuna asakhale yekha ndi mtsikana m'chipinda chotseka, aitane mnzake wamkazi. Sukulu imene sinakonze zimenezi isayambe kaye mabuku a C.

A Banda, Lifuwu
Kalabu yomweyo ilembenso zake. Teremu iliyonse mwana aliyense nkhani imodzi ya mawu 600 mpaka 800, m'Chichewa, yochitikira malo amene angafikeko wapansi. Lamulo likhale lakuti dzina la munthu weniweni, la mudzi wake kapena la mphunzitsi lisalowe, ndipo mphunzitsi awerenge yekha kaye isanamvedwe ndi gulu, popeza ena amalemba zimene zikuwachitikira n'kungosintha dzina. Khumi zabwino zikopedwe m'kope lachikuto cholimba, liikidwe pa shelefu ya A kapena B monga buku lina lililonse, ndi khadi lake.

Che Saidi, Linga
Pa za chinamwali sitinagwirizane, a Banda, ndipo ndikuonabe kuti buku lotero lidikire mfumu ndi anankungwi alione. Koma makhadi aja ndikuwafuna. Alembedwe m'Chichewa, osati m'Chingerezi, ndipo pa msonkhano wa PTA aikidwe pa tebulo kuti kholo lililonse liwerenge kapena liwerengeredwe. Mwa owerenga asanu ndi mmodzi aja, mmodzi akhale kholo. Alipo makolo odziwa Chingerezi m'midzimu, aphunzitsi opuma, azaumoyo, sanafunsidwe chabe.

Mayi Nachisale, Khombedza
Zimenezo n'zotheka. A Mwale, tumizani chitsanzo cha khadi, muikemo mzere wa zaumoyo wa Sisitala ndi wa chipembedzo wa Che Saidi. Sisitala, mawu a kapepala ka mkati mwa chikuto mutilembere onse awiri, la HIV ndi la nkhanza, kuti tisalakwitse maola ndi nambala.

A Mwale, Chipoka
Nditumiza madzulo ano. Pakadali pano katoniyo ichoke pansi. Ikhale pa tebulo kapena pa njerwa, italikirane ndi khoma ngati chikhatho chimodzi, chifukwa chiswe ndi chinyezi cha kunyanja kuno sizidikira masabata asanu. Mabuku a zikuto zofewa muwamate tepi yoonekera pamsana asanabwerekedwe koyamba, apo ayi masamba apakati amayamba kuthothoka akadutsa m'manja khumi.